Singano pansi pa thonje

Mabuleki a lole ya feteleza ankalira mosiyana ndi a magalimoto ena onse. Ikafika pa mtsetse wa pamsika inkayamba ndi kubuula, kenako n'kutulutsa mpweya kuti tsiii, ndipo phokosolo linkamveka mpaka m'chipinda chobayira jakisoni pachipatala pathu. Odwala otha kuyenda ankanyamuka pa mabenchi. Azimayi ankabereka ana sikelo isanathe. Pakhonde pankatsala okhawo amene matenda awagwiradi.

Chinali chaka changa choyamba pa ntchito ya unamwino, ndipo kalata yondikhazikitsa pa ntchito inali isanabwere. Chipatalacho chinali chaching'ono, pakati pa minda ya fodya, ulendo wautali ndithu pa njinga kuchokera pa Santhe. Anamwino tinalipo awiri, ine ndi mayi wina amene aliyense ankangowatchula kuti asisita. Anali atagwira pamenepo zaka zambiri, ndipo ana ambiri a m'midzi yozungulira anabadwira m'manja mwawo. Woyang'anira chipatala chonse anali adokotala.

Mudzi wathu unali kutsidya kwa dambo. Bambo anamwalira ndisanayambe sukulu, mayi anatsatira ndili sitandade 2, ndipo anandilera ndi agogo, amayi awo a mayi anga. Kunyumba kwathu mawu anali ochepa. Ndinakula ndikuyang'ana anthu kumaso, kuona amene wakwiya ndi amene watopa, n'kukhala malo osapsetsa munthu mtima. Anthu ankati ndine mwana waulemu. Atandituma kukagwira ntchito pafupi ndi kwathu, amayi a kumpingo anauza agogo kuti Mulungu wawakumbukira.

Ku sukulu ya unamwino anatiphunzitsa kuti singano ukabayira munthu usaibwezere m'chivindikiro chake, chifukwa pamenepo ndi pamene ambiri amadzibaya. Uiponye nthawi yomweyo m'bokosi lachikasu lotayiramo masingano. Chithunzi chonena zimenezi chinalipo pakhoma pathu. Koma bokosilo tinali nalo limodzi lokha, ndipo linkakhala kuchipinda chochirira azimayi, chifukwa kumeneko ndi kumene magazi ankachuluka. Kobayira jakisoni tinkaunjika masingano m'kambale kachitsulo, n'kukataya pamene mzere wa odwala wachepa. Lamulo lathu awirife linali lakuti amene wabaya akataye yekha masingano ake. Silinalembedwe paliponse, koma asisita anandiuza tsiku loyamba, ndisanaone n'komwe nyumba yanga.

Akuluakulu oyendera zipatala ankabwera mwa apo ndi apo ndi mapepala odzaza mafunso. Asisita ankasunga katoni imodzi ya magolovesi pamwamba pa kabati, yosatsegula.

“Amenewo ndi a alendo,” anatero nditafuna kutengamo tsiku lina. “Kwanu agogo alibe mbale zodyera alendo? Ndi zomwezo. Akabwera oyendera muvale, akapita muvule.”

“Nanga tikawauza kuti satikwanira?”

“Alemba. Amalemba bwino anthu aja, zilembo zoongoka.” Anaseka. “Achimwene, chitetezo cha pano ndi maso anu ndi maso anga. Mukabayidwa, funso loyamba silikhala lakuti mukumva bwanji. Amafunsa kuti munkatani.”

Sankanena mokwiya. Ankanena ngati mmene munthu amanenera za msewu woipa umene amadutsa tsiku lililonse.

Chaka chimenecho dzina la agogo linatuluka pa makuponi a feteleza. Chaka chapitacho linali litadumphidwa, ndipo chimanga chathu chinatha mwezi wa Novembala usanafike. Kuponiyo ankaisunga m'pulasitiki ya shuga, yomangirira pa nsonga ya chitenje. Anakhala pamzere kudepoti masiku atatu osagula kanthu, mvula itagwa kale, chimanga chitamera. Kuponi inali ya dzina lawo, kotero kuti pamzere ankayenera kuimapo okha, koma matumba awiri sakanatha kunyamula. Tinapangana kuti lole ikafika ndipite ndi njinga.

Inafika Lachinayi, chakumasana. Adokotala anali ku msonkhano ku Boma. Asisita anali ndi mayi woyembekezera amene matenda anali atamuyamba m'mawa. Ine ndinali nditangomaliza kutenga magazi pa mkono wa mayi wina wa pa esiteti, mmodzi wa matenanti ochokera kummwera, woonda, wachifuwa chosatha. Buku lake la kuchipatala ndinali nditaliwerenga. Anali ndi kachilombo, ndipo mankhwala anali asanayambe.

Nditamva mabuleki aja, ndinaika singano m'kambale, yosavindikira monga tinaphunzirira. Ndinapukuta mkono wa mayiyo ndi thonje, n'kuponya thonjelo m'kambale momwemo, pamwamba pa singano. Ndikukumbukira kuti ndinaganiza zokataya. Bokosi linali kuchipinda kumene kunali asisita, ndipo ndikanalowamo akanandifunsa kumene ndikupita, mwinanso akanandigwiritsa kanthu. Ndinadutsa panja, n'kuyankhulira pawindo.

“Asisita, ndikubwera.”

“Musachedwe,” anayankha osatembenuka.

Ndinachedwa. Kudepoti kunali chipwirikiti, mavenda akulowerera pamzere, ogulitsa akutseka chitseko n'kutsegulanso. Agogo anali atafinyidwa pakati pa azibambo, atagwira nsonga ya chitenje ndi manja onse awiri. Atatuluka ndi lisiti anandiyang'ana n'kumwetulira.

“Amunanga, chaka chino tidya,” anatero. Ankanditchula choncho akakondwa.

Ndinakankha njinga ndi matumba awiri kuwoloka dambo, kukawatula m'nyumba, n'kubwerera chothamanga. Dzuwa linali litapendeka pamene ndinkafika pachipatala. Mwana anali atabadwa. Chipinda chobayira jakisoni chinali chosesedwa, kambale kali kotsuka, kovundikira pa tebulo. Asisita anakhala pa mpando wa odwala, chala chawo chamkombaphala chitakulungidwa pulasitala.

“Ndabayidwa,” anatero.

“Ndi chiyani?”

“Kunabwera mwana wa malungo, ndimafuna kambale. Ndinati ndichotse thonje. Pansi pake panali singano.”

Anandiyang'ana, ine ndinayang'ana chala. M'kaundula wa tsikulo dzina lomaliza linali la mayi wa pa esiteti uja, lolembedwa ndi dzanja langa, ndipo kaundulayo anali wotsegula pamiyendo pawo. Panalibe chofunsa. Mawu anali atandifika pakhosi, koma ndinaona kalata yanga ya ntchito, ndinaona agogo, n'kuwameza.

“Mwatsuka ndi sopo?” ndinafunsa.

“Ndatsuka.”

Ndi zokhazo zimene ndinanena.

Munthu akabayidwa chotero pali mankhwala amene amayenera kuyamba pasanathe masiku atatu, n'kumwa mwezi wathunthu, kuti kachilombo kasakhazikike m'thupi. Ndi ma ARV omwewo amene odwala amamwa. Pachipatala pathu nthawi imeneyo sitinkasunga. M'mawa mwake asisita anakwera njinga ya kabaza mpaka pamsewu, minibasi mpaka ku Boma. Anawayeza magazi, anawapeza alibe kachilombo, anawapatsa botolo.

Lolemba adokotala atabwera anatiitana tonse awiri mu ofesi. Panali fomu yolembapo ngozi za pa ntchito, ndipo anaipeza pansi pa mafaelo, itachita chikasu. Anaiwerenga mokweza. Inkafunsa nthawi, malo, amene anagwiritsa ntchito singanoyo, ndi amene analipo ngozi ikuchitika.

“Inu munali kuti?” anandifunsa.

“Ndinawatuma ndine,” asisita anayankha ndisanatsegule pakamwa.

Adokotala anakanda m'mutu. “Tikalemba izi abwera. Afunsa chifukwa chake bokosi ndi limodzi, ngati kuti mabokosi ndimaumba ndine. Afunsa chifukwa chake namwino anatsala yekha. Mnyamatayu kalata yake sinabwere. Mankhwala mwalandira kale, asisita. Chimene fomuyi ingawonjezere n'chiyani?”

“Palibe,” anatero asisita. “Ibwezeni.”

Ndinapuma. Ndikunena zoona, mtima unakhala m'malo, ndipo tsiku limenelo ndinadya bwino.

Mankhwala aja anawazunza. Ankasanza kuseri kwa thanki ya madzi, n'kutsuka m'kamwa, n'kubwerera kukayeza azimayi. Maso analowa m'kati. Ine ndinayamba kufika m'mamawa kwambiri, kutunga madzi, kuwiritsa zitsulo, kutenga odwala amene anali awo. Masingano anga ndinkakataya imodziimodzi, ulendo uliwonse kudutsa khonde lonse.

“Mutha nsapato,” anandiseka tsiku lina.

Ndinkaganiza kuti choopsa ndi kachilombo kokha, ndipo ndinkawerenga masiku kuti mwezi uthe. Za kunyumba kwawo sindinaziganizire.

Amuna awo anali kalaliki pa esiteti ina yaikulu, mkulu wa mpingo, munthu wovala malaya osita ngakhale popita kumunda. Anali ndi ana atatu. Asisita anawauza za ngoziyo tsiku lomwelo, koma ku Boma anawalangizanso kuti kwa miyezi ingapo azigwiritsa ntchito makondomu m'nyumba, ndipo pamenepo ndi pamene panavuta. Bamboyo ankadziwa botolo lija. Ankaliona m'manja mwa matenanti amene ankabwera kudzapempha tchuthi chokatengera mankhwala. Mlongo wawo analionanso pawindo la kuchipinda, ndipo nkhani inafika kumsika sabata isanathe: asisita ayamba kumwa, ndipo akubisa kumene anakatenga.

Ndinazimva kwa asisita eni ake, tikudya chinangwa pa nthawi yopuma.

“Bambo a kunyumba ndawaonetsa pepala la magazi. Akuti mapepala amenewa amalemba ndi anzako, ndiwe mwini chidindo. Akuti ngati ulibe, ukumweranji?” Anatafuna pang'onopang'ono. “Anapita kwa adokotala kuti aone pamene zinalembedwa. Adokotala akuti iwo kunalibe, anangomva. Ndiye bambo a kunyumba akuti, ku esiteti tenanti akadzitema ndi chikwanje timalemba m'buku, kuli bwanji chipatala cha boma.”

“Fomu ija tingathe kulemba panopa,” ndinatero, motsitsa mawu.

“Patatha masabata atatu? Aziti tapangana.” Anakutumula zinyenyeswa pa yunifolomu. “Zitha izi, achimwene. Amuna amabwebweta, kenako amatopa.”

Sizinathe. Ankhoswe anakhala pansi kawiri. Lamulungu lina nditachokera ku tchalitchi ndinapeza njinga yamoto itaima pakhomo panga, amuna a asisita atakhala pakhonde, chipewa chili pa bondo. Ndinawatulutsira mpando, anakana. Ndinakhala pansi pambali pawo.

Sanabwere mwaukali. Anafunsa za agogo, za mvula, ngati tathira kale feteleza wobereketsa. Kenako anayamba kutembenuza chipewa.

“Ine ndaika m'manda achimwene anga awiri ndi matenda amenewa,” anatero. “Nonse munaona. Ndiye munthu asandinamize pa nkhani imeneyi. Ndafunsa anthu, onse akuti mnyamata uja sanama, ndi wa agogo ake aja, sadziwa n'kuyankhula komwe. N'chifukwa chake ndabwera kwa inu osati kwa wina. Tsiku limenelo munali pa ntchito limodzi?”

“Eya.”

“Munaona akubayidwa?”

Ndinayang'ana nsapato zawo. Zinali zopolisha, zili ndi matope pang'ono kumphuno. Ndinkadziwa chimene ankafuna. Sankafuna kundigwira ine. Ankafuna munthu mmodzi yekha wonena kuti zinachitikadi, kuti akagone. Ndikanangoti, singano inali yanga, ndinaisiya ndine pansi pa thonje, ndinathawira kudepoti, mayi amene ndinamutenga magazi ndi wodwala. Koma munthuyu anali mkulu wa mpingo umene agogo ankapemphera, ankadya ndi akuluakulu a ku Boma, ndipo chimene ndikanamuuza chikanafika kwa ankhoswe, kwa adokotala, kumsika.

“Sindinaone,” ndinatero.

“Simunaone.”

“Ndinangoona pulasitala pa chala.”

“Pulasitala.” Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. “Chipatala chake chiti, zipinda zinayi zomwezi? Munthu n'kubayidwa, mnzake osamva ngakhale kukuwa?”

Ndinayang'ananso nsapato zawo. Anadikira, ndipo ndikhulupirira kuti anadikira mokwanira. Kenako anavala chipewa.

“Zikomo, mwana wanga. Mwandithandiza.”

Kwa zaka zambiri ndinkadziuza kuti sindinaname. Sindinaonedi. Ndinasankha mawu oona amene akanandisunga ine, ndikudziwa bwino lomwe mmene akamvekere m'makutu a munthu wamantha.

Sabata yomweyo bamboyo anasamukira ku nyumba ya pa esiteti, natenga ana awiri aakulu. Pa bwalo lachitatu la ankhoswe ananena kuti ngakhale mnzawo wa pa ntchito, amene anali naye tsiku lonse, sanaone kanthu. Mawu anga anafika kwa asisita kudzera mwa ankhoswe awo.

Lolemba lake ndinabwera ndikuyembekezera kuti andifunsa. Ndinali nditakonza zoyankha usiku wonse, ndipo mwina akanandikalipira ndikanaulula. Anandipatsa moni monga mwa masiku onse. Tinayeza azimayi oyembekezera mpaka masana. Pa nthawi yopuma sanatulutse chinangwa. Anapita kukakhala pansi pa mtengo wa mango ndi mayi wogulitsa mandasi, ndipo kuchokera tsiku limenelo ankadyera kumeneko. Nthabwala zinatha. Ankandiyankhula za odwala zokha, mwaulemu, ngati mlendo wochokera ku Boma.

Ndinayesa kamodzi. Tinali awiri m'sitolo ya mankhwala, tikuwerenga mabotolo.

“Asisita, za tsiku lija.”

“Liti?”

“La singano.”

“Zinapita zimenezo. Werengani mzere wapansiwo, maso anga sakuona bwino.”

Ndinawerenga. Kunena zoona ndinakondwa kuti andidula, ndipo sindinayesenso. Kwa amuna awo, kumene mawu anga akanagwira ntchito, sindinapiteko. Esitetiyo inali pamsewu wopita kwathu. Ndinkadutsa pa geti pake Loweruka lililonse, nthawi zina ndinkawaona bamboyo ataima pa shedi akuyang'anira osoka fodya, ndipo ndinkapalasa mwamphamvu.

Agogo anamva nkhaniyo kumpingo monga wina aliyense. Tsiku lina tikupalira anaima, n'kutsamira khasu.

“Mayi uja anakulandira bwino pa ntchito. Akumunenera zoona?”

“Ayi.”

“Iwe ukudziwa bwanji?”

“Ndikungodziwa.”

Anandiyang'ana kumaso. Anali munthu wosafunsa kawiri, ndipo khalidwe limenelo ndinatengera kwa iwo. Anawerama n'kupitiriza kupalira. Chimanga chinali chobiriwira bwino, chofika m'chiuno, kuposa cha minda yonse yoyandikana nafe.

Patapita miyezi itatu asisita anakayezetsanso ku Boma. Analibe kachilombo. Anayezetsanso kachitatu fodya atayamba kupita ku okushoni, ndipo zotsatira zinali zomwezo. Pepala lililonse ankalitumiza kwa amuna awo kudzera mwa ankhoswe. Sindikudziwa ngati ankawerenga. Pofika nthawi imeneyo nkhani inali itakula kuposa magazi. Panali mawu amene ananenedwa pamaso pa anthu, achibale amene anatenga mbali, ndiponso mayi wina wa pa esiteti amene anali atayamba kuwaphikira bamboyo.

Kalata yanga yondikhazikitsa pa ntchito inabwera mwezi wa Juni. Adokotala anandigwira chanza pamaso pa odwala. M'galimoto imene inabweretsa kalatayo munabweranso kalata ya asisita, yowalola kusamukira ku chipatala china kufupi ndi kwawo, kupitirira Kaluluma. Anali atapempha okha.

Tsiku losamuka linali Lachisanu m'mawa, kukuzizira, mphepo ikuulutsa makoko a chimanga pabwalo. Katundu wawo anakwana pa kagalimoto kamodzi kobwereka: bedi, matumba a chimanga, makina osokera, mwana wamng'ono atakhala pamwamba pa matiresi atafunda chitenje. Azimayi a m'midzi anabwera ambiri, ena ndi nkhuku, ena ndi mtedza m'mabeseni. Amene ankanena nkhani kumsika analiponso, ndipo ankalira kuposa anzawo.

Ine ndinali m'chipinda chobayira jakisoni. Ndinadziuza kuti odwala sangasiyidwe okha, ngakhale pa benchi panali anthu awiri basi. Ndinamva mapazi awo pakhonde, kenako anaima pakhomo, atavala chitenje ndi juzi. Aka kanali koyamba kuwaona pachipatala opanda yunifolomu.

“Mayi wa pabedi lachiwiri magazi ake ndi ochepa, muzimuyang'ana,” anatero. “Wolowa m'malo mwanga akuti abwera mwezi wamawa, koma mukudziwa mmene amanenera. Mukhala nokha kanthawi.”

“Asisita, ndinali ine.” Mawu anatuluka aang'ono, moti ndinabwereza. “Singano ija ndinasiya ndine.”

“Ndinkadziwa, achimwene. Tinalipo awiri.” Sanakweze mawu. “Si ine amene ndinkafunika kumva zimenezo.”

Dalaivala analiza hutala panja. Asisita anapisa dzanja m'thumba la juzi, natulutsa makiyi omangidwa pa kachingwe ka bandeji, a sitolo ya mankhwala ndi a chipinda chochirira.

“Kiyi wamng'onoyu amavuta, muzikankha chitseko ndi bondo.”

Anandiika makiyiwo m'manja, natuluka.